Chigoli cha Waulesi

Mayi Telala mpira sankaudziwa, ndipo sankaufuna. Zaka zonse zimene amuna awo ankayendetsa basi, Loweruka likafika nyumba inkagawika pawiri: bambo kuwailesi, mayi kumakina osokera, aliyense ndi phokoso lake. Chimene ankadziwa za mpira n'chakuti umang'amba makabudula a ana a sukulu pakati penipeni, ndipo makabudulawo amabwera kwa iwo. Anthu a mumsewu wawo ankawadziwa kuti ndi mayi osachulutsa gaga m'diwa, oti ukawabweretsera diresi kuti alikulitse amakuuza pamaso kuti vuto si diresi.

Chipinda chosokeramo chinali cha kumaso kwa nyumba, zenera lake loyang'ana kumsewu. Munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi chitini cha mabisiketi chimene mabisiketi ake anatha kalekale, chodzaza mabatani ndi mazipi. Khoma limodzi lokha ndi limene linkasiyanitsa chipindacho ndi chogona.

Kenako matenda a shuga anawadya maso bambo aja. Sizinachitike tsiku limodzi. Anayamba kuona nyali za magalimoto ngati zamwazika, kenako kuntchito anawalanda chiwongolero, kenako kunangoda. Munthu amene ankadzuka anthu onse a mumsewuwo adakali m'tulo anayamba kugona masana, nkhope kukhoma. Wailesi anaikana, ankati kumvera anthu ena akuthamanga kumangowakumbutsa kuti iwo akhala pansi. Bedi lawo linali lachitsulo, lakale, ndipo linkalira mosiyana. Munthu akatembenukira kuchitseko linkangolira pang'ono, akatembenukira kukhoma linkalira kawiri, motalika. Mayi Telala anaphunzira kulira kumeneko ali pamakina, ndipo ankakuopa kuposa mawu aliwonse a dokotala.

Amene anabweretsa gemu ndi mlamu wawo, mng'ono wa bamboyo, wokonza mafoni kumsika. Anafika ndi laputopu yakale, ya batire yakufa, yoti imayaka pokhapokha ili pamagetsi, n'kuiika pa tebulo lodulirapo nsalu osapempha.

"Achimwene ndawapezera ntchito," anatero.

"Munthu wosaona asewera bwanji za pa kompyuta?" anafunsa Mayi Telala, singano ili pakamwa.

"Iyi si gemu yothamangitsa zala, alamu. Mpira sumenya ndiwe. Iwe umakhala kochi. Umasankha osewera, umawauza poima ndi kaseweredwe kake, kenako makina amasewera okha, n'kumalemba pansipa zonse zimene zikuchitika. Pangofunika woganiza ndi wowerenga. Woganizayo alipo, wangogona."

"Nanga wowerengayo ndiye ndani?"

Mlamu anangowayang'ana, n'kuyamba kufunafuna polumikizira magetsi.

Masabata oyamba anali a nkhondo. Wosewera aliyense mu gemumo anali ndi manambala ake: liwiro, mphamvu, luso lopatsira mnzake, kudumpha, kulimbikira. Mayi Telala ankawawerenga mokweza ndi nkhope ya munthu amene akumwa mankhwala owawa, ndipo bambo, amene poyamba ankamvera ali chigonere chitseko chili chotsegula, ankawasunga m'mutu monga ankasungira masiteji a basi. Mayina a osewerawo anali akutali, olumitsa lilime, choncho anawapatsa awoawo. Wakutsogolo wodumpha kuposa onse anakhala Wamtali. Wotchinga kumbuyo amene sankatha masewero osalandira khadi lachikasu anakhala Chikwanje. Goloboyi anali Manjenje. Panalinso wina wapakati, waluso ndithu akagwira mpira koma wa manambala omvetsa chisoni pa kulimbikira, amene bambo anamutcha Waulesi ndipo ankadana naye ngati anawaberapo nkhuku.

Tsiku lina bambo anatuluka okha m'chipinda chogona, akupapasa khoma, chifukwa akazi awo anaika wotchinga kumbuyo malo a womwetsa zigoli ndipo kufuula ali pabedi sikunkathandiza. Anakhala pampando wa pafupi ndi zenera. Mpandowo unakhala wawo kuyambira pamenepo, ndipo pasanapite nthawi anthu a mumsewu anayamba kuwapatsa moni kuti a Kochi.

Tsiku linapeza dongosolo lake. M'mawa, mayi akudula nsalu, a Kochi ankatchula osewera ndi malangizo: anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo, kapena mwina. Ankafunsa amene watopa ndi amene wavulala, ndiponso mmene timu inayo imasewerera. Akadya masana n'kumwa mankhwala ankagona pang'ono. Dzuwa likapendeka ankabwerera pampando, mayi n'kukankhira nsalu pambali, masewero n'kuyamba. Pa sikirini tianthu tating'ono tinkathamangathamanga, ochemerera ankamveka pa sipika, ndipo Mayi Telala ankawerenga. Kasitomala wofika nthawi imeneyo ankauzidwa kuti adikire chigawo choyamba chithe.

Mwa kuwerengako, mpira unawalowa okha osaupempha. Anazindikira kuti timu ili ngati nsalu yoperewera: ukaikokera kutsogolo kuti iphimbe chifuwa, msana umakhala pamtunda. Amuna awo akalamula kuti anyamata apanikize adani kufupi ndi golo lawo, zigoli zinkabwera, koma chigawo chachiwiri miyendo inkalemera ndipo mpira umodzi wautali unkapeza Chikwanje ali yekhayekha akutembenuka ngati lole. Akalamula kuti abwerere m'mbuyo n'kutseka pakati, adani ankadzera m'mbali. Panalibe malangizo opanda bowo lake. Ntchito ya kochi inali kusankha bowo limene adani a tsikulo sangalipeze msanga.

Timu imene a Kochi anasankha inali yaing'ono, yosauka, ndipo inkagonja kawirikawiri. Akagonja ankalalata, kunyoza Waulesi mpaka makolo ake, kudya chakudya chonse cha m'mbale, n'kudzuka m'mawa ndi maganizo atsopano. Izi Mayi Telala anaziona koma sanaziwerengere kwenikweni. Khutu lawo linali pa bedi lija.

Chakumapeto kwa ligi zinthu zinafika poipa. Wamtali anavulala, Manjenje anayamba kutaya mipira yoti ngakhale agogo angaigwire, ndipo timu inatsikira pansi penipeni. Gemu ija inatulutsa uthenga wochokera kwa eni timu, ndipo mayi anauwerenga monga unalili: timu ikatuluka mu ligi, kochi achotsedwa ntchito. Tsiku limenelo a Kochi sanalalate. Anangoti, "Kawiri kameneka," n'kudzuka, n'kupapasa khoma kulowera kuchipinda. Bedi linalira kawiri, motalika, dzuwa likuswa mtengo. Mayi Telala anachita mantha, ndipo anasokera mkono wa malaya a kasitomala chagada.

Masewero otsatira anali mkati, timu ikugonja ndi zigoli ziwiri, pamene magetsi anathima. Laputopu ya batire yakufa inathima nawo. Magetsi atabwera, gemu inabwerera pamene anasungira m'mawa, masewero asanayambe. Anayambiranso, osewera omwewo, malangizo omwewo, ndipo anapambana. A Kochi anang'ung'udza kuti kupambana kwa magetsi si kupambana, koma madzulo anadya.

Mawa lake Mayi Telala anapita kumsika ngati akukagula ulusi, n'kudzera pa benchi ya mlamu wawo. Anamupeza ataweramira foni yotsegula mimba.

"Tandiuze, alamu. Anthu omwewo, mawu omwewo. Poyamba tinagonja, kachiwiri tinapambana. Zimatheka bwanji?"

"Muli maere mmenemo," anayankha mlamu osadzutsa mutu. "Mpira ukabwera m'mwamba, makina amatenga manambala a wathu ndi manambala a womutchinga, amaonjezerapo kutopa, mvula, ndi malangizo a achimwene, kenako amachita maere. Wa manambala akuluakulu amaupeza mpirawo kawirikawiri, koma osati nthawi zonse. Ndiye zimenezi amachita pa kupatsirana kulikonse, pa kudumpha kulikonse, mpaka oyimbira ataliza wezulo yomaliza. Kochi amangokometsa maerewo, sawalamula. N'chifukwa chake masewero amodzi sangatuluke chimodzimodzi kawiri."

"Ndiye munthu ukaona kuti wagonja, ukhoza kungothimitsa?"

"Ukathimitsa usanasunge, eya. Koma zimenezo amachita ndi ana."

Kwa mlamu zinali za ana. Kwa telala zinali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Msoko ukakhota amauphwasula n'kusokanso, ndipo Mayi Telala anali asanamvepo kasitomala akudandaula kuti msoko wowongoka ndi wachiwiri. Sanadzione ngati wabodza. Anadziona ngati munthu amene akukonza chinthu chisanafike kwa mwini wake.

Anachita chonchi. A Kochi akagona masana, mayi ankatsitsa sipika, kuika osewera ndi malangizo a m'mawa aja ndendende, n'kuseweretsa masewerowo mwachangu. Akagonja ankathimitsa n'kuyambiranso. Masiku ena maere ankakomera msanga. Masiku ena ankabwereza mpaka khosi kuuma, mayunifolomu a sukulu ali mulu pambali, eni ake akubwera n'kubwerera. Kupambana kukapezeka ankasunga. Gemuyo inkalola kuonereranso masewero amene atha, phokoso la ochemerera ndi mawu apansi aja zonse zili momwemo, ndiye dzuwa likapendeka ankangoyatsa zimenezo n'kumawerenga ngati zikuchitika kumene.

Povuta panali pamene a Kochi alamula kusintha. "Tulutsani Waulesi, alowe mnyamata wamanzere uja." Masewero otha kale sasintha. Mayi ankadina batani losachita kanthu, n'kunena kuti zatheka, ndipo kuyambira pamenepo paliponse pamene palembedwa Waulesi pakamwa pawo pankatuluka dzina lina. Mayi wa mawu ochepa uja anasanduka katswiri wosintha mayina mpira uli m'mwamba.

Timu inapambana, n'kupambananso. Inakwera pang'ono, ngakhale inali isanachoke pangozi. Chodabwitsa n'chakuti a Kochi anayamba kuchepa mawu. Chigoli chikalowa ankangogwedeza mutu. Ankapendeketsa khutu, osati ku sipika koma ku zala za akazi awo. Munthu amene wakhala pachiwongolero moyo wake wonse amamva injini ikasintha kaliridwe, koma Mayi Telala anali otanganidwa ndi mayina, sanazione.

Anawagwira pa masewero oti akatha patsale amodzi okha. Timu inali patsogolo ndi chigoli chimodzi, chigawo chachiwiri chili pakati.

"Mayi," anatero a Kochi mwaulemu wachilendo, "tulutsani Manjenje. Pagolo paime Waulesi."

"Pagolo?"

"Eya. Ndipo Chikwanje ndi anzake onse akumbuyo apite kutsogolo. Kumbuyo kusatsale munthu."

Mayi Telala anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ana sikirini. Anadina batani lawo lija. "Zatheka," anatero ndi mawu aang'ono, ndipo anapitiriza kuwerenga chifukwa sanaone pena pothawira. Adani anabwera, Waulesi anagwira. Anaponya kona, Waulesi anadumpha n'kuuchotsa ndi chibakera. Wezulo yomaliza inalira, ochemerera anasangalala.

"Waulesi ameneyu," anatero a Kochi, "amene sangagwire ngakhale chimfine, lero wagwira mipira yonse."

Mayi anachotsa zala pa laputopu.

"Kusintha wosewera mmodzi kumafuna kudina kambirimbiri. Ndakhala ndikukumvani miyezi yonseyi. Masiku ano mumadina pamodzimodzi, ngati mukugogoda pakhomo popanda anthu. Munayamba liti?"

"Magetsi atathima paja."

Anawafotokozera zonse, mwachidule, monga ankafotokozera kasitomala chifukwa chake nsalu yaperewera. A Kochi anamvera manja ali pamawondo.

"Mukudziwa, mayi, chiyambire kuda kwa maso angawa palibe amene amanditsutsa. Mng'ono wanga amene tinkakangana naye mpaka kutulutsana m'nyumba, lero chilichonse ndinganene ndi eya achimwene. Anthu a mumsewu amaseka nthabwala zanga ndisanazimalize. Chinthu chimodzi chokha m'nyumba muno chimene sichinkadziwa kuti ndine wosaona ndi kabokosi kameneka. Kankandimenya ngati munthu wina aliyense. Tsopano nakonso mwakauza."

"Ndinkaopa kuti mubwerera kukhoma kuja," anatero Mayi Telala. Zinali zoona, ndipo anachita manyazi kuzinena.

"Ndamva. Zimene munasunga zasungidwa. Kwatsala masewero amodzi. Amenewo ndiwasewera ine."

Masamu ake anali osavuta: kupambana n'kutsala mu ligi, china chilichonse n'kutuluka. Tsikulo a Kochi sanagone masana. Anakhala pampando wawo kuyambira m'mawa, chingwe cha magetsi cha laputopu chili m'manja mwawo, n'kuchipereka dzuwa litapendeka. Mayi anayatsa, n'kuika osewera. Wamtali anali atachira. Waulesi anatsala pabenchi.

Adani anali timu yothamanga, yopanikiza kuyambira wezulo yoyamba. Chigawo choyamba anyamata a a Kochi sanawoloke n'komwe pakati pa bwalo, ndipo Manjenje anatola mpira muukonde kamodzi. Mayi anawerenga chigoli chimenecho monga chinalembedwera, osachikometsa. A Kochi analalata, ndipo kulalatako kunawakomera mayi m'makutu.

Pa nthawi yopumulira bambo anafunsa za kutopa kwa adani, wosewera mmodzimmodzi. Kenako anayamba kulamula.

"Athamanga mokwanira amenewo, miyendo yatha. Akumbuyo awo akuima kutali ndi golo. Tisiye kupatsirana pafupipafupi. Chikwanje akaugwira aziuponya wautali kwa Wamtali, wothamanga wathu azidikira pambali pake. Pakati tipanikizane, m'mbali tiwasiyire."

Mayi anadina zonsezo, chimodzichimodzi, mabatani enieni. Ndipo zinagwira. Adani anayamba kuchedwa kubwerera. Mpira wautali woyamba unapita kunja, wachiwiri ofusayidi, wina Wamtali anaugunda ndi mutu n'kuugwetsera kumapazi kwa mnzake, ndipo unalowa. A Kochi anamenya bondo lawo ndi chikhatho. Koma kufanana mphamvu sikunkakwanira, ndipo nthawi inkatha. Wapakati mmodzi anavulala. Pabenchi panatsala wapakati mmodzi yekha.

"Alowe mbava ya nkhukuyo," anatero a Kochi mousa moyo. "Tilibe wina."

Nthawi yoonjezera inali itatsala pang'ono kutha pamene mpira unadumphira kunja kwa bokosi, pamalo pamene Waulesi anaima chifukwa chochita ulesi kuthamangira mkati ndi anzake. Mayi Telala anaona kamunthu kakang'ono ka pa sikirini kaja kakubweza mwendo. Anaona mpira ukukhota, ukudutsa zala za goloboyi, ukulowa pakona yam'mwamba. Sipika inang'ambika ndi phokoso. Mayi amene mpira sankaufuna anapezeka ataimirira, chitini cha mabatani chitagwa pansi.

"Chalowa! Bambo, chalowa, Waulesi wagoletsa!"

Wezulo yomaliza inalira. Mabatani anali akugubudukabe pansi pa tebulo. Mayi anatembenuka akuseka, misozi ili m'maso, ndipo anapeza amuna awo atakhala monga anakhalira, manja pamawondo, nkhope yosalala.

"Waulesi," anatero a Kochi. "Mphindi yomaliza."

"Ndi zoona, bambo. Izi ndiye zenizeni. Chingwe chinali m'manja mwanu tsiku lonse."

"Dzulo madzulo ndinapita kosamba. Ndinachedwako."

"Sindinaikhudze. Mwamva nokha mmene ndadinira."

"Ndamva. Ndinakuphunzitsani ndekha kuti muzidina kambiri."

"Ndiitane alamu adzaone."

"Si amene anakuuzani za maerezo?"

Mayi Telala anayang'ana pa laputopu. Umboni wonse unali pa sikirini, poyera, ndipo njira yokha yoti ufike kwa amuna awo inali pakamwa pawo pomwepo. Pa sikirinipo panatuluka uthenga wa eni timu woyamikira kochi chifukwa chopulumutsa timu. Anayamba kuuwerenga, koma a Kochi anakweza dzanja.

"Zikomo, mayi. Mumawerenga bwino."

Anadzuka, anapapasa khoma, n'kulowa kuchipinda. Mayi Telala anagwada n'kuyamba kutola mabatani, khutu lili kukhoma. Bedi linalira kawiri.

Laputopu ija idakali pa tebulo lodulirapo nsalu, yafunditsidwa chidutswa cha nsalu ya yunifolomu kuopa fumbi. Mayunifolomu masiku ano amatha pa nthawi yake. Mlamu anabwera, analowa kuchipinda, analumbira kuti waona ndi maso ake kuti chigolicho n'chenicheni, ndipo achimwene ake anamuyankha kuti eya, mng'ono wanga. Dzuwa likapendeka Mayi Telala amakankhirabe nsalu pambali, kuyatsa gemu, n'kukweza sipika pang'ono kuti nyimbo yake imveke kuseri kwa khoma. Timu ili mu ligi, Waulesi ali bwinobwino, ndipo masewero oyamba a chaka chatsopano akudikira kuti kochi asankhe osewera. Gemuyo siyenda yokha popanda woidina. Mayi amakhala pamenepo kanthawi, manja ali pamiyendo, kenako amathimitsa n'kubwerera kumakina.